Boma la America likakana chipukuta misozi cha msilikali wakale, apilo imayenda bwanji?

Pa 5 Malichi 2025, khoti lalikulu kwambiri ku America, la Supreme Court, linagamula mlandu wa asilikali awiri akale, Joshua Bufkin ndi Norman Thornton, omwe ankalimbana ndi boma pa nkhani ya chipukuta misozi cha matenda amene ankati anawatengera ku usilikali. Oweruza 7 anakomera boma, awiri anatsutsa. Wongowerenga mutu wa nkhaniyo akanatha kuganiza kuti msilikali wakale akakanizidwa ndalama ndiye kuti zake zada. Sizili choncho. Chigamulocho chinakhudza mfundo imodzi yokha, ya kumapeto kwa ulendo wa apilo, ndipo mfundoyo singamveke tisanaone ulendo wonsewo kuchokera poyambira.

Nkhaniyi ndi ya ku America ndithu, koma usilikali wa dzikolo umalembanso anthu obadwira kunja omwe ali ndi green card (chitupa chololeza mlendo kukhazikika ndi kugwira ntchito m'dzikolo), ndipo msilikali wakale amalandirabe ndalamazi ngakhale atasamukira dziko lina.

Ndalama zake ndi zotani?

Nthambi ya boma yoona za asilikali akale ndi Department of Veterans Affairs, yomwe aliyense amangoti VA. Munthu akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito ya usilikali, kapena ngati usilikaliwo unakulitsa matenda omwe anali nawo kale, a VA amamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi. Ndalamazi sizidulidwa msonkho, n'zosiyana ndi penshoni, ndipo sayang'ana kuti munthuyo ndi wolemera kapena wosauka. Ambiri olandira amagwirabe ntchito.

Kuchuluka kwa ndalama kumadalira mlingo wa ulumali, womwe umayambira pa 0 kufika pa 100 peresenti, kukwera ndi 10 nthawi iliyonse. M'chaka cha 2025, msilikali wopanda banja woikidwa pa 10 peresenti ankalandira madola 175.51 pamwezi, wa pa 50 peresenti madola 1,102.04, ndipo wa pa 100 peresenti madola 3,831.30. Apa mwaona kale kuti anthu sachita apilo pokhapokha atakanizidwa kotheratu. Winanso amavomerezedwa, koma n'kuikidwa pa 30 pomwe iye akuona kuti zizindikiro zake ndi za 70.

Masamu ake amazunguza mutu. Munthu akakhala ndi matenda awiri, ena a 50 ena a 30, a VA saphatikiza kuti ikhale 80. Amati 50 ija yatha, munthuyo watsala ndi 50, kenako 30 peresenti ya 50 yotsalayo ndi 15, ndiye zonse pamodzi ndi 65, yomwe amaikweza kufika pa 70. Ambiri amakwiya nazo poganiza kuti aberedwa, koma ndi momwe lamulo lilili, ndipo apilo yolimbana ndi masamu amenewa siipita patali.

Mafuwa atatu

Poto sakhazikika pa mafuwa awiri. Pempho la chipukuta misozi nalonso limakhala pa zinthu zitatu, ndipo chimodzi chikasowa, zonse zimakhuthuka. Choyamba, munthu akhale ndi matenda kapena ulumali panopa, womwe dokotala wautsimikizira. Chachiwiri, pakhale chinthu chomwe chinachitika ali ku usilikali: ngozi, matenda, phokoso la mizinga, utsi wapoizoni, kapena zoopsa zomwe anaona ndi maso. Chachitatu, pakhale umboni wolumikiza ziwirizi, woti matenda a lerowa anachokera ku chochitikacho. Kulumikizana kumeneku amakutcha nexus, ndipo fuwa limeneli ndi lomwe limagwetsa mapoto ambiri.

Tiyerekeze msilikali amene anatera moipa polumpha ndi parachuti mu 2006, bondo n'kutupa. Sing'anga wa gulu lake anangomupatsa mapiritsi, iye n'kubwerera pamzere chifukwa ku usilikali wodandauladandaula samuona bwino. Patha zaka 15, bondo lija layamba nyamakazi, masitepe akukwera mogwira khoma. Matenda alipo, dokotala wajambula ndipo waona. Ngozi ija mwina inalembedwa mzere umodzi m'faelo. Koma woyeza wa a VA akhoza kulemba kuti nyamakaziyi ndi ya ukalamba ndi kunenepa, popeza munthuyo anakhala zaka zambiri osapita kuchipatala ndi bondolo. Pempho lakanidwa, ngakhale palibe amene wanena kuti msilikaliyo akunama.

Pali njira inanso yolumikizira. Bondo likavomerezedwa kuti linavulala ku usilikali, ndipo chifukwa chotsimphina munthuyo wayamba kumva msana, msanawo ukhozanso kulipiridwa ngati matenda obadwa kuchokera ku oyambawo.

Kalata yokana imanena zambiri

Kalata ikafika, ambiri amangowerenga mawu oti akanizidwa, n'kuiponya mudirowa. Komatu kalatayo ndi imene imalozera kolowera. Lamulo limakakamiza a VA kulemba umboni womwe anauona, malamulo omwe anagwiritsa ntchito, mfundo yomwe yasowa, komanso mfundo zomwe avomereza kuti zili kumbali ya msilikaliyo. Mfundo zovomerezedwazi sizisinthidwa wamba m'tsogolo: akangolemba kuti akuvomereza kuti munthuyo anavulala bondo mu 2006, ogamula otsatira amayenera kuyambira pomwepo, pokhapokha patapezeka umboni wamphamvu kwambiri wotsutsa.

Choncho funso loyamba ndi lakuti, kodi ndi fuwa liti lasowa? Yankho lake ndi lomwe limasankha njira ya apilo. Ngati umboni unali wopelewera, njira ndi ina. Ngati umboni unalipo koma wogamula sanauone kapena anaphonya lamulo, njira ndi inanso.

Kale zinkatheka bwanji

Kwa zaka zambiri, chigamulo cha a VA chinali chomaliza, ndipo khoti silinkaloledwa kuchiunika. Panalinso lamulo lochokera m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'zaka za m'ma 1860, loletsa loya kulandira ndalama zoposa madola 10 pothandiza msilikali wakale. Cholinga chinali kuteteza asilikali kwa akathyali, koma zotsatira zake zinali zoti maloya ankangoithawa milandu yotereyi. Mu 1988 nyumba ya malamulo inakhazikitsa khoti lapadera la asilikali akale, lomwe lero limatchedwa Court of Appeals for Veterans Claims.

Ngakhale zinatero, apilo inkayendabe pang'onopang'ono. Inali njira imodzi yokha, ndipo munthu ankaloledwa kuwonjezera umboni nthawi iliyonse. Umboni watsopano ukabwera, faelo inkabwerera m'mbuyo kuti ikaunikidwenso, ndiye milandu inkangozungulira zaka ndi zaka, ena n'kumwalira akudikira. Lamulo latsopano lokonza za apilo linasainidwa mu Ogasiti 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 19 Febuluwale 2019. Ndi limene linabweretsa njira zitatu zomwe zilipo lero.

Njira yoyamba: kubweretsa umboni watsopano

Iyi amaitcha Supplemental Claim, ndipo fomu yake ndi 20-0995. Munthu amapempha kuti nkhani yake ionedwenso chifukwa wabweretsa umboni womwe ndi watsopano komanso wokhudza nkhaniyo. Watsopano kutanthauza kuti a VA analibe pomwe ankagamula. Wokhudza nkhaniyo kutanthauza kuti ukuthandiza kutsimikiza kapena kutsutsa mfundo yomwe ili pa mkangano. Msilikali wa bondo uja akatumiza chithunzi china cha X-ray choonetsa nyamakazi, wataya nthawi, chifukwa a VA sanatsutse zoti nyamakazi ilipo. Chomwe akufunika ndi kalata ya dokotala yofotokoza chifukwa chake nyamakazi ya bondo limodzi lokha, lomwelo lomwe linavulala, mwa munthu wa zaka za m'ma 40, ikuoneka kuti inachokera ku ngozi ija.

Ubwino wa njirayi ndi woti a VA amakhalabe ndi udindo wothandiza kusonkhanitsa umboni. Munthu akawauza chipatala chomwe analandirako chithandizo, iwo amayenera kuyesetsa kuitanitsa mapepalawo, ndipo akhoza kumutumizanso kwa woyeza. Cholinga chomwe anadziikira n'choti azimaliza m'masiku 125.

Njira yachiwiri: wamkulu aonenso faelo yomweyo

Higher-Level Review, fomu 20-0996. Apa saloledwa kuwonjezera pepala ngakhale limodzi. Wogwira ntchito wamkulu, yemwe sanakhudzidwe ndi chigamulo choyamba, amatsegula faelo momwe inalili n'kuona ngati mnzakeyo analakwitsa. Akhoza kusintha chigamulo pongosiyana naye maganizo, kapena akapeza kuti a VA sanachite udindo wawo, monga kusaitanitsa mapepala a chipatala kapena kudalira kuyeza kosakwanira, amabweza faeloyo kuti ikakonzedwe.

Munthu akhoza kupempha kulankhula ndi woonayo pafoni kamodzi. Foni imeneyo si yofotokozera mavuto a moyo wonse. Imagwira ntchito munthu akanena kuti, tsegulani lipoti la chipatala la tsiku lakuti, palembedwa kuti bondo linatupa, koma kalata yanu ikuti palibe umboni wa kuvulala. Nayonso cholinga chake ndi masiku 125. Sungapemphe njirayi kawiri motsatizana pa nkhani imodzi, komanso siigwira ntchito pa chigamulo chochokera kwa woweruza wa ku Bodi.

Njira yachitatu: kupita kwa woweruza

Board of Veterans' Appeals, yomwe tingoitcha Bodi, ili ku Washington ndipo inakhazikitsidwa mu 1933. Ili mkati mwa VA momwemo, koma milandu imagamulidwa ndi oweruza odziwa malamulo a asilikali akale. Fomu yake ndi 10182, ndipo pa fomuyo munthu amasankhanso mzere umodzi mwa itatu. Mzere woyamba, woweruza amangoona faelo momwe ilili, popanda umboni watsopano kapena kukumana, ndipo cholinga ndi kumaliza m'chaka chimodzi. Wachiwiri, munthu amatumiza umboni watsopano pamodzi ndi fomuyo kapena pasanathe masiku 90. Wachitatu, amapempha kuonekera pamaso pa woweruza, kudzera pa vidiyo ali kunyumba kwake, pa ofesi ya VA ya m'dera lake, kapena ku Washington komweko, ndipo amapatsidwa masiku 90 pambuyo pake oti aperekebe umboni.

Mzere wachitatuwu umakopa anthu chifukwa aliyense amafuna kuti amvedwe ndi pakamwa pake. Koma ndi wautali kwambiri: cholinga cha a VA eni akewo ndi zaka ziwiri, ndipo ambiri amadikira kupitirira apo. Ngati chomwe chasowa ndi maganizo a dokotala, kulankhula ndi woweruza sikudzaza mpata umenewo. Kukumana kumathandiza pomwe nkhani yagona pa kukhulupirira mawu a munthuyo, monga pa chochitika chomwe sichinalembedwe paliponse. Okalamba a zaka 75 kupita m'tsogolo, odwala kwambiri, ndi omwe ali pa mavuto aakulu a zachuma akhoza kupempha kuti mlandu wawo udumphe mzere.

Chaka chimodzi, ndipo ndalama zagona pamenepo

Iyi ndi mfundo yomwe imapweteketsa anthu ambiri kuposa ina iliyonse. Pempho likavomerezedwa, ndalama siziyambira tsiku lomwe apambana. Zimawerengedwa kuchokera tsiku lomwe a VA analandira pempho loyamba, ndipo za m'mbuyo zonse zimaperekedwa pakamodzi. Wopempha pasanathe chaka chichokereni ku usilikali, tsiku lake limabwerera mpaka pa tsiku lotsatira lomwe anavula yunifolomu.

Koma tsikulo limasungika pokhapokha munthu akapitiriza nkhondo yake mosadukiza. Chigamulo chilichonse chikatuluka, ali ndi chaka chimodzi, kuwerengera pa deti la pa kalata, choti asankhe imodzi mwa njira zija. Akakanizidwanso, amapatsidwa chaka china, ndipo akhoza kusintha njira: kuyamba ndi wamkulu woonanso faelo, zikakanika n'kubweretsa umboni watsopano, zikakanikanso n'kupita ku Bodi. Malinga sanadumphitse chaka pena paliponse, tsiku loyamba lija likadali lake.

Chaka chikangodutsa, njira yachiwiri ndi yachitatu zimatsekeka. Yoyamba imakhalabe yotsegula mpaka kalekale, koma ndalama zimayambira pa tsiku la fomu yatsopanoyo. Tiwerengere limodzi: munthu woyenera 50 peresenti, amene wataya zaka ziwiri za m'mbuyo chifukwa chochedwa, wataya madola oposa 26,000 pa mlingo wa 2025. Matenda ndi omwewo, umboni ndi womwewo, chasiyana ndi deti.

Makhoti sachita chifundo pa madeti a mtundu umenewu. Adolfo Arellano anali msilikali wa pamadzi ndipo anachoka mu 1981, atadwala maganizo chifukwa cha ngozi ya sitima yankhondo ya USS Midway. Anapempha chipukuta misozi patatha zaka pafupifupi 30, ndipo a VA anavomereza kuti matendawo anachokeradi ku usilikali, koma anayamba kumulipira kuchokera mu 2011. Iye anati matenda omwewo ndi amene anamulepheretsa kupempha msanga. Mu Januwale 2023 oweruza onse 9 a Supreme Court anagwirizana kuti lamulo la chaka chimodzi chichokereni ku usilikali silingatambasulidwe pa zifukwa zotere.

Pali kampata kamodzi kotsegulira chigamulo chakale chomwe sichinachitidwe apilo: kuonetsa kuti munali cholakwika choonekeratu, chosatsutsika, potengera malamulo ndi umboni wa nthawi imeneyo. Kungosiyana maganizo pa kulemera kwa umboni sikukwanira, ndipo opambana pa njirayi ndi ochepa.

Umboni womwe umasuntha faelo

Mlingo wa umboni pa nkhanizi ndi wotsika poyerekeza ndi milandu ina. Msilikali sakakamizidwa kutsimikiza kopanda chikaiko chilichonse. Lamulo limati umboni wa mbali ziwiri ukakhala pafupifupi wofanana kulemera, chikaikocho chikomere msilikali. N'chifukwa chake m'makalata a madokotala mumapezeka mawu a Chingerezi akuti "at least as likely as not", kutanthauza kuti mwayi woti matendawo anachokera ku usilikali ndi theka kapena kuposa. Dokotala akalemba kuti "mwina" kapena "zikhoza kutheka", kalatayo imakhala yopepuka. Akalemba mawu oyenerawo koma osafotokoza chifukwa chake, imakhalanso yopepuka. Yolemera ndi yomwe ikuonetsa kuti dokotalayo anawerenga mbiri ya munthuyo, ndipo akulongosola mwachipatala momwe chochitikacho chinabalira matendawo.

Mbali inayo pamakhala lipoti la woyeza wa a VA, pa kuyeza kwa chipukuta misozi ndi penshoni komwe mwachidule amati C&P. Kuyezaku nthawi zina kumatenga mphindi zochepa, koma lipoti lake limalemera kwambiri. Asilikali ambiri amadzipweteka okha pamenepa. Akafunsidwa kuti muli bwanji, amayankha mwachizolowezi kuti ali bwino. Akauzidwa kupinda bondo, amaluma mano n'kupinda mpaka kumapeto, pomwe woyezayo amayenera kulemba pamene ululu wayambira. Sanena za masiku omwe bondolo limakana ngakhale kudzuka pabedi. Munthu ali ndi ufulu woitanitsa faelo yake yonse n'kuwerenga zomwe woyezayo analemba, ndipo apilo zambiri zabwino zimayambira pa kuwerenga kumeneko.

Mawu a anthu wamba nawonso ndi umboni. Mnzake amene anali naye pa tsiku la ngozi, mkazi wake amene amamuona akudzidzimuka usiku, bwana amene anaona akujomba kuntchito, onsewa akhoza kulemba zomwe anaona, pa fomu 21-10210. Sanganene dzina la matenda chifukwa si madokotala, koma anganene kuti munthuyu anapita akuyenda bwino, anabwera akutsimphina, ndipo sanasiye kutsimphina mpaka lero. Mawu oterewa ndi omwe amatseka mpata wa zaka zomwe munthu sanapite kuchipatala.

Nthawi zina mapepala kulibe ndipo si vuto la msilikali. Pa 12 Julayi 1973 moto unabuka pa malo osungira mafaelo a asilikali ku St. Louis ndipo unawononga mafaelo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, makamaka a asilikali a pamtunda omwe anachoka pakati pa 1912 ndi 1960. Zikatero a VA amakhala ndi udindo wokulirapo wofufuza umboni wina. Chimodzimodzinso omwe anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana ali ku usilikali: ambiri sanakanene kulikonse, choncho malamulo amalola zizindikiro zina, monga kupempha kusamutsidwa mwadzidzidzi, kulowa pansi kwa ntchito, kuyamba kumwa mowa mwauchidakwa, kapena zomwe anauza m'bale kapena m'busa pa nthawiyo.

Lamulo likasintha

Pali matenda ena omwe boma linavomereza kuti msilikali asavutike kufuna nexus. Akangoonetsa kuti anatumikira pa malo akutiakuti m'nyengo yakutiyakuti, ndipo ali ndi matenda omwe ali pa mndandanda, kulumikizanako kumangoganiziridwa kuti kulipo. Zinalipo kale kwa asilikali a America omwe anamenya nkhondo ku Vietnam n'kukhudzidwa ndi mankhwala opha zomera a Agent Orange, komanso omwe anamwa madzi oipa pa kampu ya Camp Lejeune pakati pa 1953 ndi 1987.

Pa 10 Ogasiti 2022 kunasainidwa lamulo la PACT Act, lomwe linawonjezera matenda oposa 20 okhudza asilikali omwe ankapuma utsi wa maenje otenthera zinyalala. M'makampu a ku Iraq ndi Afghanistan ankatentha chilichonse m'maenjemo, mapulasitiki, matayala, mabatire, zinyalala za kuchipatala, atathira mafuta a ndege. Mndandanda wa malo ukuphatikizanso Somalia, Djibouti ndi Egypt. Matenda ake ndi monga mphumu yoyamba munthu atachoka ku usilikali, matenda okhalitsa a m'mphuno ndi m'mapapo, ndi khansa zosiyanasiyana. Kwa a Agent Orange anawonjezera matenda othamanga magazi.

Munthu amene anakanizidwa kale pa matenda omwe tsopano ali pa mndandanda akhoza kubwereranso kudzera pa njira yoyamba ija, ndipo kusintha kwa lamuloko kumakwanira kuti nkhani yake ionedwenso. Koma kawirikawiri ndalama sizibwerera kufika pa pempho lakalekale lija, chifukwa lamulo latsopano sililipira nthawi yomwe linali lisanakhalepo. Lamuloli linachulukitsanso ntchito: m'chaka cha boma cha 2024, a VA anagamula mapempho oposa 2.5 miliyoni, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo.

Kukhoti, ndi zomwe mlandu wa Bufkin unasintha

Bodi ikakana, munthu ali ndi zosankha ziwiri: kubweretsa umboni watsopano pasanathe chaka, kapena kupita ku khoti la asilikali akale lija pasanathe masiku 120. Onani kuti apa si chaka. Khotili lili kunja kwa VA, ndalama yolembetsera ndi madola 50 yomwe osauka amakhululukidwa, ndipo sililandira umboni watsopano. Ntchito yake ndi kuona ngati Bodi inatsata malamulo ndi kufotokoza zifukwa zake mokwanira. Milandu yambiri kumeneko siithera poti khoti lalamula kuti munthu alipidwe. Imabwezedwa ku Bodi kuti ikaonedwenso, nthawi zambiri maloya a mbali zonse atagwirizana kuti panali cholakwika. Kuchokera apo, nkhani za kutanthauzira lamulo zikhoza kupita ku khoti lina la apilo lotchedwa Federal Circuit, kenako ku Supreme Court.

Bufkin anali msilikali wa zandege ndipo ankapempha chipukuta misozi cha PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa. Madokotala anasiyana maganizo pa matenda akewo, ndipo Bodi inati umboni wotsutsa ndi wolemera, choncho lamulo la chikaiko silikugwira ntchito. Funso lomwe linafika ku Supreme Court linali lakuti: kodi khoti la asilikali akale liyenera kuyezanso lokha umboniwo kuti lione ngati unali wofanana, kapena lingolemekeza muyezo wa Bodi?

Woweruza Clarence Thomas, polembera ambiriwo, anati kuyeza umboni ndi nkhani yoona zomwe zinachitika, choncho khoti lingasinthe pokhapokha Bodi italakwitsa moonekeratu. Woweruza Ketanji Brown Jackson, mothandizidwa ndi Neil Gorsuch, anatsutsa ponena kuti nyumba ya malamulo inawonjezera ndime mu 2002 youza khotilo kuti liziganizira bwino za lamulo la chikaiko, ndipo kuwerenga kwa anzawowo kukuchititsa ndimeyo kukhala yopanda ntchito. Okondwa ndi chigamulochi amati Bodi ndi imene imaona umboni wonse ndipo makhoti a apilo kulikonse sayambiranso kuyeza. Odandaula amati a VA akudziyeza okha pa lamulo lomwe linaikidwa kuti liteteze msilikali kwa iwo omwewo.

Lamulo la chikaiko lilipobe, ndipo a VA akuyenerabe kulitsata. Chomwe chigamulochi chikutanthauza kwa munthu wamba n'choti nkhondo ya umboni imenyedwe faelo isanachoke ku Bodi, chifukwa kukhoti mwayi woti wina ayezenso ndi wochepa.

Ndani angathandize, ndipo amalipiritsa zingati?

Mabungwe a asilikali akale monga Disabled American Veterans, Veterans of Foreign Wars ndi American Legion amathandiza kwaulere, kuyambira pa pempho loyamba mpaka ku Bodi, ndipo maboma a zigawo ambiri ali ndi maofesi ochita zomwezo. Maloya ndi othandizira ena ayenera kukhala ovomerezeka ndi a VA, ndipo mayina awo amapezeka pa tsamba la intaneti la nthambiyo. Saloledwa kulipiritsa pa pempho loyamba. Amayamba kulipiritsa chigamulo choyamba chikatuluka, ndipo kawirikawiri amatenga gawo la ndalama za m'mbuyo zokha, osati za mwezi ndi mwezi za m'tsogolo. Gawo la 20 peresenti limatengedwa kuti ndi loyenera, pomwe loposa gawo limodzi mwa magawo atatu limatengedwa kuti lanyanya. Kukhoti, msilikali akapambana ndipo zikaoneka kuti boma linalibe zifukwa zokwanira, boma ndi lomwe limalipira loya wake.

Palinso makampani osavomerezeka omwe amadzitcha alangizi, omwe anachuluka PACT Act itabwera. Amasainitsa anthu mapangano oti adzalipire ndalama zofanana ndi zowonjezera za miyezi ingapo. Mkangano wa makampaniwa ukadali m'nyumba ya malamulo ndi m'maboma a zigawo: ena akufuna zilango zokhwima, ena akufuna aloledwe koma mitengo yawo iikidwe malire, ponena kuti mabungwe aulere aja ntchito imawachulukira. Chomwe wosaina ayenera kudziwa n'choti munthu wosavomerezeka sangamuimire pamaso pa a VA kapena ku Bodi.

Msilikali akamwalira apilo ili mkati, mlandu suferatu naye limodzi. Mkazi kapena mwamuna wake, ana omwe ankawasamalira, kapena makolo omwe ankadalira iye, akhoza kupempha kulowa m'malo mwake n'kupitiriza pomwe anasiyira, ndipo akapambana amalandira ndalama za m'mbuyo zomwe malemuwo akanalandira. Pempho lolowa m'maloli liyenera kufika kwa a VA pasanathe chaka chimodzi chimwalirireni.